Chiguduli cha Mbusa

Kwathu kuno amati mkamwini amangobereka, ana ndi a malume awo. Ndinazimva kuwawa chaka chimene mwana wanga woyamba anasankhidwa kukhala mbusa pa sewero la Khirisimasi kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Nsaru.

Alamu anga, alongo ake a mkazi wanga, ndi atelala. Zovala za ana a Sande sukulu ankasoka ndi iwo, ndipo mwanayo pakamwa pake pankangotuluka amalume, amalume. Ine nsanje inandigwira. Ndinati ayi, wowerenga mabuku pamudzi pano ndine, ngakhale sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Abusa akale sankavala zosita.

Ndinatenga chiguduli chokutira fodya, n'kumukoleka m'mapewa, n'kumanga chingwe cha khonje m'khosi kuti chisagwe. Mfundo yake ndinakoka ngati ndikumanga mbuzi yothawathawa.

"Ababa, chikuyabwa," anatero akuyetsemula.

"Ubusa ndi wotero, mwana wanga."

Anathamanga kukaonetsa anzake, n'kudzera m'chigafa cha fodya. Chigudulicho chinakodwa pamphanda, chingwe n'kumukanyanga pakhosi. Sanalire, mawu anasowa potulukira. Ndinalimbana ndi mfundo yanga ija, koma osamasuka. Alamu anadumpha pakhonde pamene ankasoka, sizasi ili m'manja, n'kudula kamodzi kokha.

Mwana atayamba kupuma bwino, alamu anandiyang'ana.

"Alamu, cha mwana sitimanga m'khosi. Timaika batani loti likakokeka lithothoke. Ndiye chiguduli cha fodya, eti? Mumafuna mbusa kapena belo?"

Ndinathokoza, ndipo kunali kuthokoza kwenikweni. Koma onani mtima wa munthu: pasanathe ola ndinali ndikudandaula kuti bwanji sizasiyo sinali m'manja mwanga.

Tsiku la sewero mwana anavala mkanjo wosoka amalume ake, wolekeza m'mawondo kuti asaupondere. Azimayi kumbuyo kwanga ankanong'onezana kuti taonani mphwawo wa atelala. Ine ndinangotsokomola.

Changa chinali ndodo. Ndinaisema masiku atatu, n'kuipala kuti isabaye, nsonga yake n'kuibunthitsa. Alamu anaipapasa ndi chala chawo cha singano, n'kugwedeza mutu.

Mkanjo uja unamuchepera mwanayo chaka chomwecho. Ndodo ilipobe, amakusira mbuzi. Tsiku lina ndinamva mnzake akumufunsa amene anamusemera. Ndinasiya kuwerenga, khutu lili tcheru.

"Ababa," anatero. Mtima wanga unati myaa. Kenaka anawonjezera:

"Koma anaivomereza ndi amalume."