Nsinjiro za aNachisale

Ku Nsaru kunalibe wosadziwa nsinjiro za aNachisale. Chaka ndi chaka ankawaza madzi mtedza wawo kuti makoko afewe poswa, monga ankachitira mayi awo. Wabwino ankagulitsa, wonyala ndi wachuku n'kusinja kuti adye pakhomo. Amuna awo, aGabriel, ndiwo zosatendera sankazikhudza n'komwe.

Lero awiriwa anali pabenchi kuchipatala, aGabriel mimba itatupa, maso ali achikasu. Namwino wa gulu lofufuza matenda a chiwindi anawatenga magazi aGabrielwo.

"Tikufufuza tizinthu ta m'maselo totchedwa RNA," anatero namwinoyo. "Chiwindi chikayamba kuwonongeka, tizinthu timeneti timasintha. Tikatimvetsa bwino, ena azidzathandizidwa msanga."

"Ena? Nanga awawa?" anafunsa aNachisale.

Namwino anayang'ana kumbali. Kenaka anati, "Kodi mtedza wachuku mumataya, mayi? Chuku chimawononga chiwindi."

Pamiyendo pa aNachisale panali bakuli la nkhwani wotendera amene anaphikira wodwalayo m'mawa.

AGabriel anatambasula dzanja lowonda. "Tatsegulani, Nachisale, njala yandipweteka."

ANachisale anakanikiza chivindikiro ndi manja onse awiri.