Bala la Madala Osema Mabwato

Ine sindinali dokotala, ngakhale anthu ankanditcha choncho. Ndinali wotsuka zilonda basi, pa kachipatala ka zipinda ziwiri, cha kufupi ndi kumene mtsinje wa Bua umathirira m'nyanja. Lero mafinya ndi bandeji, mawa zomwezo, mkuja zomwezo. Ntchitoyo inanditopetsa ndikadali mnyamata, koma nkhani iyi yanditopetsa kuposa pamenepo, chifukwa ndakalamba nayo.

Chaka chimenecho, madzi atangoyamba kuphwa, ng'ona inagwira bambo wina wa ana awiri akuwonjola miyono yake, Lachinayi dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wake anali pamtunda. Anaibaya ndi mkondo paphewa lakumanzere, koma inamira naye ndithu. Mawa lake anamupeza m'mabango ali wathunthu, osadyedwa ngakhale chala. Ashehe anati ndi za Mulungu, ndipo anamuika tsiku lomwelo. Koma anthu pobwera kumanda ankafunsana: ng'ona yanji yogwira munthu n'kumusiya osamudya?

Kumeneko ng'ona zinali za mitundu iwiri. Inalipo ya Mulungu, yogwira chifukwa cha njala, ndiye inalipo ya munthu amene wavula malaya m'mabango n'kusanduka. Aliyense ankadziwa kuti ukabaya yachiwiriyi, bala limakatulukira pathupi la mwini wake, malo omwewo. Choncho sanavutike n'kufunafuna ng'ona. Anayamba kufunafuna phewa.

Malume a malemuyo anali atcheyamani a chipani. Anatuma anyamata awo a malaya ofiira kudoko kukavula amuna onse malaya, mmene ankachitira pofunsa makhadi a chipani. Ndipo phewa linapezeka. Anali madala ena ochokera kumpoto, osema mabwato, amene anakhala pamenepo zaka zambirimbiri koma anthu ankawatchabe obwera. Theka la mabwato a padokopo linali la manja awo. Paphewa lawo lakumanzere panali bandeji, ndipo amene anaimanga ndinali ine.

Tsono tamverani. Madalawo anabwera kwa ine Lolemba, magazi ali chuchuchu, atagwera pachisonga pokoka chigogo cha bwato. Lolemba! Ng'ona inabayidwa Lachinayi. Ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kuwerenga masiku amenewo.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango. Atcheyamani anali ochenjera, sanatchule za ufiti ngakhale kamodzi poti lamulo la boma linkaletsa. Anati akungofufuza anthu osokoneza bata. Madala aja anawakhazika padothi, chifuwa chili pamtunda, akazi awo ali chapatali atagwira kukamwa. Kenaka anandiitana.

"Adokotala, bala ili munamanga ndinu?" anandifunsa atcheyamani.

"Ndine."

"Ndi lochekedwa kapena lobayidwa?"

"Lobayidwa."

"Lakuya?"

"Lakuya ndithu."

Anthu anangoti, "Mwamva!" Madala aja anakweza dzanja lawo labwinolo. "Afunseni tsiku," anatero m'Chichewa chawo chokoka chakumpoto chija. "Adokotala, auzeni tsiku." Koma phokoso linali litakwera kale, wina akukuwa kuti awamange, amayi a malemu akudzigubuduza pansi. Atcheyamani anandiyang'ana nkhope ili gwa, nati, "Pali china chomwe mukufuna kuwonjezera?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinachita mantha, sindibisa. Chaka chapitacho aphunzitsi ena anatsutsa atcheyamani omwewo pagulu, ndipo galimoto inadzawatenga masana, osawaonanso. Inenso ndinali wobwera, mayi akunyumba ali ndi pakati. Ndinati, "Palibe, bwana." Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti sindinaname, kuti zonse zomwe ndinayankha zinali zoona. Ha! Zoona zake zomwezo zinawasamutsa anthu.

Anawapatsa masiku atatu kuti achoke. Bwato lomwe ankasema analiwaza ndi nkhwangwa, nkhuku zawo zinatha osadziwika wotenga, ndipo akazi awo akapita kuchitsime, anzawo ankanyamula ndowa zosadzaza n'kumwazikana. Za amene anapha malemu uja palibe anafunsanso, mlandu unali utatha.

Tsiku lachitatu m'mawa ndikusesa pakhonde, ndinangoona madala aja atakhala pabenchi, akudikira ngati wodwala wina aliyense. Ndinali nditawauza kale kuti adzabwere kudzasintha bandeji, ndiye anabwera. Akazi awo anatsala kumsewu ndi mitolo iwiri, akudikira basi ya ku Dwangwa. Ndinalakalaka atanditukwana, mwina mtima ukanapepukako. Koma ayi, anangovula malaya n'kunditembenuzira phewa. Bala linali likupola bwino. Ndinalitsuka n'kumangapo bandeji ina.

Nditamaliza anati, "Mwana wanga, za pamsonkhano zisiyeni, ndinaona mmene zinalili. Ndikupempheni chimodzi. Kwathu ndili ndi ana, ndipo mbiri ikafika ine ndisanafike. Mundilembere pakapepala tsiku lomwe ndinabwera ndi balali, musainepo, kuti ana anga akadziwe kuti bambo awo si ng'ona."

Ndinang'amba pepala. Ndinalemba kuti anabwera Lolemba, kuti anagwera pachisonga, kuti Lachinayi bala linali ndi masiku atatu kale. Nditafika pansi posaina, ndinaganiza za msewu uja, za anyamata a malaya ofiira amene ankaimitsa basi n'kupisa anthu m'matumba. Ndinapinda pepalalo kanayi, osasaina.

Madalawo sankadziwa kuwerenga. Analilandira ndi manja awiri, nalikulunga m'kansalu, nathokoza m'chinenero chakwawo, "Yewo, adokotala, mwandiveka." Anatsetsereka kupita kumsewu atagwira thumba la malaya kuti pepalalo lisagwe, pepala lopanda dzina la munthu.