Tsiku limene chitsulo cha malume chinakana kumasuka

Nditamaliza sekondale, anzanga analandira mphatso zooneka ndi maso, wina laputopu, wina ndolo zagolide. Ine malume anga, alongo awo a amayi, anandipatsa ulendo wa masiku anayi kumapiri a ku Virginia, m'chigalimoto chawo chomwe anali atangogula kwa mkulu wina wopuma ntchito. Kuno ku Maryland amachitcha RV, ife pakhomo timangoti Chinyumba. Muli bedi, muli pophikira, muli chimbudzi. Kutalika kwake, ukaima kumutu n'kuitana munthu amene ali kumchira, amakuyankha mawa.

Kumbuyo kwa Chinyumba tinamangirirako kagalimoto ka amayi, koti tizipitira kusitolo tikafika kumapiriko. Chokokera chake ndi chitsulo cha mikono iwiri ngati phanda la legeni. Mkono uliwonse uli ndi kachogwirira komasulira, ndiponso pini yolowa pamphuno pa kagalimotoko. Malume ankati kumasula kwake ndi mphindi ziwiri, mwana wa ku mkaka akhoza.

Nkhani inali pa tsiku lobwerera. Lachisanu limenelo, 2 koloko masana, ndinali ndi mayeso a layisensi, ndipo galimoto yokayesedwera inali yomweyo ya amayi. Ndinali nditalephera kale kamodzi chifukwa cha chikwangwani china cholamula kuima chimene, ndikulumbira, chinamera ine nditafika kale pamphambano. Ndikanaphonya ulendo uno, tsiku lina lopezeka linali sukulu ya ku College Park itatsegulira kale. Ndiye kuti amayi akanamandiperekeza kuyunivesite m'mawa uliwonse, duku kumutu, n'kumatsitsa galasi kufunsa anzanga kuti makolo awo amapemphera kuti. Ine ndikanafa sabata yoyamba yomweyo.

Tinafika kwathu ku Laurel hafu pasiti thwelofu. Nthawi inalipo yambiri.

Msewu wa kwathu ndi wotsetsereka, ndipo umathera pabwalo lozungulira. Kumtunda kwake kuli malo athyathyathya abwinobwino oti munthu n'kuimikapo ndege. Koma kumtundako kulibe amene akanawaona malume. Anatsetsereka nacho Chinyumba, hutala katatu, n'kuyamba kukhota, n'kuima pakati pa kukhotako, maso ndi maso ndi khomo lathu. Chinyumba chinayang'ana kumunsi, kagalimoto kali kumtunda kwake, kopindikira kumbali, katatsamira chitsulo chija ndi thupi lonse.

Malume anatsika ngati woyendetsa ndege. Anachotsa waya wa magetsi, anachotsa matcheni, kenako anakanikiza kachogwirira. Zii. Anakanikiza ndi manja awiri. Anapondapo ndi phazi. Anakatenga hamala n'kuikulunga thaulo kuti chitsulo chisakalike, n'kumamenya ngati akupepesa. Anandituma mafuta ophikira. Tinathira okwanira kukazingira mandasi a ukwati wonse, koma mapini anangoti nga.

Hutala uja anali atagwira ntchito yake. Anatulukira aneba athu awiri: bambo wina wa ku Zambia amene amagwira ntchito kuchipatala, ndi bambo wina wa ku Mangochi atavala mkanjo woyera mbee, ali pa ulendo wa kumzikiti. Asanakhudze chitsulo anayamba moni. Anafunsana za pakhomo, za ana, za kumudzi, za mvula ya ku Malawi imene palibe mwa iwo amene inamunyowetsa zaka khumi zapitazi. Ine ndikungoyang'ana foni, manambala akuthamanga.

Atamaliza, a ku Zambia anayang'ana chitsulo, anachigogoda ndi chala, n'kuweruza mlandu.

"Manje apa tipushinge chabe, bakamba."

Onse anavomera nthawi yomweyo. Muyenera kumvetsa kuti kwa abambo amene anakulira kumudzi kwathu, galimoto ilibe matenda ena amene kukankha sikuchiza. Batire yatha, kankhani. Yatitimira m'matope, kankhani. Wailesi sikulira, kankhani kaye tione. Ndiye azibambo atatu, wina ndi mkanjo wake, anapita kumbuyo kwa kagalimoto n'kuyamba kukakankhira kutsogolo, kumunsi, komwe kanali katatsamira kale. Chitsulo chinayamba kulira ngati chitseko cha m'filimu yoopsa.

Tsono ine ndinkadziwa chochita. Kumapiri kuja kunalibe netiweki, moti masiku anayi onse ndinawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, mpaka kabuku ka chitsulocho, kawiri. Kanalemba poyera kuti ukaima potsetsereka kapena pokhota, kulemera kwa galimoto kumapanikiza mikono ija, ndipo ngakhale utaitana njovu singamasule. Ufunika kuchotsa kulemerako basi.

Ndiye ndinangolankhula. M'Chingerezi, mokweza, manja m'chiuno. Ndinati akukankhira kolakwika ndipo akungowonjezera vuto.

Mbalame zonse za mu Maryland zinasiya kuimba. Malume anapitiriza kukankha ngati sanamve, koma khosi lawo linauma kuposa chitsulo chija. Aneba anayang'ana kumwamba. Amayi anali pakhonde, ndipo anandiponyera diso lija limene limakupeza ngakhale uli kuseri kwa khoma. Anandikodola ndi chala chimodzi, ine n'kuwatsatira kukhitchini.

Kumeneko anandifunsa ngati ndinaleredwa ndi agalu. Anati mwana wamkazi sauza malume ake pamaso pa alendo kuti alakwa, ndipo poti ndatero, malumewo akankha galimotoyo mpaka Khirisimasi kusiyana n'kuti achite zimene ndanena. Ndinawaonetsa foni. Kota pasiti wani. Ulendo wa kumayeso ndi mphindi pafupifupi makumi atatu. Ndinawafunsa ngati ndizingoonerera moyo wanga ukutha chifukwa cha ulemu.

Amayi anathira madzi ozizira m'matambula atatu, n'kundipatsa thireyi.

"Pita ukawapatse madzi. Nzeruyo ikhale yawo, layisensi ikhala yako."

Ndinatuluka. Ndinapinda maondo pa phula lotentha ngati chiwaya, mawu ndinawachepetsa mpaka anakhala ngati a mwana wa kwaya, ndipo Chichewa chimene ndinatulutsa tsiku limenelo agogo akanachimva akanandipatsa munda.

"Malume, pepani ndifunse nawo. Paja kumapiri kuja munandiuza kuti chitsulochi chikapanikizika, wina alowe m'galimoto yaing'onoyi aibweze m'mbuyo pang'ono, uku akupotoza chiwongolero? Kapena ndinamva molakwa?"

Malume anatenga tambula. Anamwa madzi onse pang'onopang'ono, akundiyang'ana pamwamba pa tambulayo. Tonse awiri tinkadziwa kuti kumapiri kuja chimene anandiphunzitsa ndi kuwotcha chimanga basi.

"Unamva bwino, mphwanga. Ndimafuna ndione ngati mutu wakowo umasunga zinthu."

Anatembenukira kwa aneba n'kuwafotokozera zonse za kulemera ndi kutsetsereka, n'kuwonjezerapo zina zimene m'kabuku mulibe, aneba akugwedeza mitu kuti iwonso amaganiza zomwezo. Kenako anandilamula kuti ndilowe m'galimoto, ngati kuti sindinali kale ndi makiyi m'manja.

Ndinaliza injini, phazi pa buleki, giya ya m'mbuyo. Ndinamasula buleki pang'ono, pang'ono zedi, galimoto inasuntha mwina utali wa chikhadabo. Ndinapotoza chiwongolero kumanzere, kumanja, kumanzerenso. Panamveka kuti kha. Kachogwirira kamene kanakana hamala kanatsika ndi chala chimodzi cha malume. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinaika giya yoimikira, ndinakoka handibuleki mpaka kumapeto kuti kagalimoto kasakapsompsone Chinyumba kumbuyo, n'kutsika kukathandiza kuzula mapini. Anatuluka ngati mano a mkaka.

A ku Mangochi anathamangira kumzikiti mkanjo uli ndi madontho ngati mapu a dziko lonse. A ku Zambia anatsala akuuza malume kuti kukankha kuja n'kumene kunafewetsa chitsulo. Sindinatsutse. Ndinali nditaphunzira.

Amayi anakhala kutsogolo, malume anadziponya kumbuyo ati akandilimbitse mtima, ndipo njira yonse anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto kuyambira pachiyambi. Tinafika kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

Woyesa anali mayi wina wosaseka, wa nkhope ngati chitseko cha banki. Koma munthu amene wangobweza galimoto utali wa chikhadabo, potsetsereka, azibambo atatu ndi amayi ake akumuyang'ana, angaopenso chiyani? Ndinaima pa chikwangwani chilichonse mpaka matayala anazizira. Pobwerera m'mbuyo ndinalowa pakati pa mizere ngati ulusi pa singano.

Titabwerera poimikira, mayi uja analemba zake, n'kundiuza kuti ndakhoza. Kenako anatsegula chikwama chake, anatulutsa tishu, n'kundilozera pachipumi. Ndinadziyang'ana pagalasi. Chimzere chakuda cha girisi, kuchokera pansidze mpaka m'tsitsi. Amayi ndi malume anachiona tisananyamuke, koma anati akanandiuza ndikanataya mphindi khumi kubafa.