Makina a pansi pa bedi

Munthu aliyense wa kwathu amene ndinkamudziwa ku Joni anali ndi katundu pansi pa bedi: bulangete losatsegula m'pulasitiki yake, wailesi, mapoto, nsapato zatsopano. Ameneyu tinkati katundu wa kumudzi, ndipo sankagwiridwa. Munthu ankatha kugona akunjenjemera mu Juni, bulangete lili pansi pakepo likudikira tsiku lopita ku Dedza. Wanga anali makina osokera, opukusa ndi dzanja aja. Ndinawagula nditagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg zaka zingapo, ndipo m'maganizo ndinali nditasankha kale khonde la pa Linthipe pamene ndidzakhale n'kumasoka mayunifolomu a ana asukulu.

Tinkakhala ku Troyeville, chipinda chimodzi, ine ndi mwana wanga wamkazi. Bambo ake anali a komweko, Mzulu, ndipo anamwalira mwanayo akadali wamng'ono. Chuma sanatisiyire, koma mwana anali nzika ya dzikolo. Choncho atamaliza sekondale ine mtima unali m'malo, poti aliyense ankanena kuti boma latsopano likuthandiza ana a amphawi pa maphunziro apamwamba. Mpaka ndinadzitama kwa azimayi a kutchalitchi kuti nkhawa ine ayi.

Mwanayo ankafuna zamagetsi. Kuyambira ali kamwana ankamasula mapulagi m'nyumba, kukalipa konse kunapita pachabe. Anapeza malo pa koleji ya ntchito zamanja, ndipo tinapita limodzi kukafunsa za thandizo la boma lija. Mayi wa pawindo anatiuza mwaulemu kuti thandizolo ndi la ophunzira a ku yunivesite ndi ku tekinikoni, ku makoleji ngati amenewo silifika. Ndinapsa mtima pomwepo. Ndinamufunsa ngati magetsi a mu ofesi yakeyo akazima amaitana loya. Mlandu sunali wake, ndinkadziwa, koma boma silikhala pawindo kuti ulifunse. Mwana wanga anandikoka juzi kuti tizipita.

Fizi ndinalimbana nayo ndekha. Ndinawonjezera ganyu wochapa ndi kusita Loweruka, msana n'kumachita kung'ung'udza. Chimene chinandiimitsa mutu ndi zida. Kochitira ntchito pa kolejipo sankalola wophunzira kulowa wopanda jombo za chitsulo kutsogolo ndi bokosi lakelake: mapulayala, masikuludilaiva ndi kamita koyezera magetsi. Anzake akamalowa, iye ankatsala pa benchi panja. Aphunzitsi anamuuza kuti zikapitirira chonchi teremu yonseyo yamupita, ndipo malo ake adzapatsa wina.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaima ndi achimwene anga, amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Randburg komweko.

"Achimwene, makina aja ndikuwatulutsa."

"Ati? A kumudzi aja?" Anavula chipewa. "Achemwali, katundu wa kumudzi satuluka kuno. Mudzafika kwanu chimanjamanja? Anthu adzati zaka zonsezi ku Joni mumatani?"

"Adzati ndimalera mwana."

"Eish. Koma mtsikana ndi magetsi? Bwanji osangomupezera piece job kwa madamu anu, aziphunzira pang'onopang'ono?"

"Inu ndinu malume ake," ndinatero. "Mwini mbumba ndinu. Ngati mukufuna azikolopa zimbudzi za eni ake ngati ine, mukamuuze nokha pamaso."

Anavala chipewa chawo n'kumapita, ndipo ndinkadziwa kuti nkhaniyo ifika kumudzi ine ndisanalembe kalata.

Mumsewu wathu munali mzimayi wa ku Chipata wosoka makatani. Mwamuna wake ankakonza mafiriji ndi mbaula zamagetsi, ndipo anali ndi bokosi lakale la zida limene sankaligwiritsanso ntchito. Tinagwirizana zosinthana. Mzimayiyo atabwera kudzatenga makinawo n'kuona kuti akadali m'katoni yake, mafuta a kufakitale akununkha, anandiyang'ana.

"Amake mwana, simudzalira?"

"Ndilira," ndinamuyankha, "koma nyamulani."

Zida zinapezeka, kunatsala jombo. Ndinazungulira m'masitolo a zovala zakale m'tauni, koma za chitsulo kutsogolo sizinkaoneka. Loweruka masana ndikubwera kuganyu ndinapeza achimwene atakhala pa masitepe, katoni ili pamwendo. Munali jombo zatsopano za chitsulo kutsogolo, zimene anagula kuti adzatsike nazo basi tsiku lofika kwathu.

"Ndi size yanga," anatero osandiyang'ana. "Mwanayo aikemo nyuzipepala. Ndipo musakanene kutchalitchi."

Lolemba m'mawa mwana wanga anatuluka atavala jombo za malume ake, akuyenda ngati bakha, bokosi la zida likumukokera mbali imodzi. Ndinamuseka mpaka anakhota pakona. Kenako ndinalowa kukasesa, ndipo tsache litafika pansi pa bedi silinagunde kanthu. Panangotsala malo oyera a makona anayi pakati pa fumbi. Ndinakhala pansi n'kulira monga ndinalonjezera. Khonde la pa Linthipe lija ndinali nditalisinthanitsa ndi mapulayala, ndipo zinandipweteka kwambiri. Koma akanati ndisankhenso, ndikanachita zomwezo.

Patapita zaka, ndikusita m'khitchini mwa madamu, ndinamva pa wailesi kuti boma liyamba kuthandizanso ophunzira a m'makoleji a ntchito zamanja. Ndinakondwera chifukwa cha azimayi anzanga amene makina awo adzakhalebe pansi pa bedi, koma ndinayankhanso wailesiyo mawu angapo oti sindingawalembe pano. Nthawi imeneyo n'kuti mwana wanga atamaliza kale, akuika mawaya m'nyumba zatsopano ku Orange Farm, jombo za saizi yake zili kuphazi.

Tsiku lina anafika ndi katoni yolemera, thukuta lili kamukamu. Anali makina osokera, mtundu womwewo. Anagwada n'kuyamba kuwakankhira pansi pa bedi.

"Mama, a kumudzi aja abwerera pamalo pake."

Ndinamugwira dzanja.

"Tulutsa," ndinatero. "Ika pawindo apo, ndipo unditengere ulusi. Ndadikira mokwanira."