Chibakera Chimene Chinathera M'nyimbo

Mlongo wanga wamkulu anali ndi mawu okoma ndi manja oipa. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya ya ku mishoni ku Mpanshya, mpaka amayi achikulire ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Loweruka, pa bola, mpira wamiyendo uja, ankamenya ana a amayi omwewo.

Tinali ku sekondale tonse awiri cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, iye kalasi yomaliza, ine pambuyo pake. Kwathu kunali kutali, mbali ya ku Shikabeta, choncho tinkakhala m'kanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira tokha. Atate ananeneratu kuti mwana wamkazi sangakhale yekha kutali choncho, ndipo mlongo wanga akadzachoka pasukulu ine ndidzabwera naye. Ndiye ahedi atamuuza kuti akadzangomenyanso munthu adzamuchotsa, amene anasowa mtendere ndine. Mwiniwake ankangoimba likhweru. Zinkandipsetsa mtima kuti maphunziro anga onse ali m'zibakera za munthu wina.

Teremu imeneyo aphunzitsi athu a Chingelezi anabwera kuchokera ku msonkhano ku Lusaka atatenga chinthu chotchedwa opera. Anatifotokozera kuti ndi sewero, koma anthu ake salankhula, amangoimba. Wopempha madzi amapempha akuimba, wokwiya amakwiya akuimba, ngakhale wobayidwa amafa akuimba, mochedwa ndithu.

"Manje ba ticha, ngati munthu wapsa na moto?" anafunsa mnyamata wina.

"Aimbe mofulumira," anayankha osaseka.

Anatilembera sewero lotsutsa ndewu za pa bola, ndipo mbali ya womenya anzake anapatsa mlongo wanga. Palibe anadabwa. Tinaphunzira kusapatsa msana oonerera, kutulutsa mawu kuchokera m'mimba, ndi kumenya kwabodza, kumene chibakera chimadutsa pambali pa khutu uku womenyayo akudziwomba pachifuwa kuti pamveke phokoso. Chomalizachi chinamuvuta kwambiri mlongo wanga, chifukwa dzanja lake silinazolowere kuphonya.

Pachimake pa sewero iye ankakweza chibakera n'kuimba ndi besi yake kuti, "Lelo nikuphwanya iwe!" Ife atsikana a kwaya tinkavomera, "Yamba wankhala pansi, tate, yamba wankhala pansi!" Tikatero iye ankakhala pansi, mkwiyo n'kutha. Tinabwereza zimenezi masana alionse pansi pa mtengo wa mango mpaka sukulu yonse inaidziwa nyimboyo. Anyamata ankaiimba polimbirana malo pa mjigo.

Sewero lisanaonetsedwe n'komwe, panabwera mpikisano wa bola ndi timu ya anyamata a kumsika ku Rufunsa. Amenewa anali akuluakulu, ena a ndevu, ndipo ankasewera ngati akuthyola nkhuni. Anthu anadzaza mbali zonse za bwalo, njinga zitatsamira m'mitengo, amayi akugulitsa zitumbuwa, ahedi atakhala pa mpando wawo wochokera mu ofesi. Ine ndinali nditangomaliza netibolo, ndipo ndinaima kumbuyo kwa golo mtima uli m'mwamba.

Chigawo chachiwiri chili mkati, wandevu mmodzi anamutchera mwendo mlongo wanga, iye n'kugwa chafufumimba m'fumbi. Wandevuyo anaseka. Mlongo wanga anadzuka pang'onopang'ono, mmene ndinkadziwira ine, ndipo anamugwira malaya pakhosi. Bwalo lonse linangoti zii. Ndinaona anyamata a mbali zonse akuwerama kufuna miyala, ahedi akuimirira. Ndinayamba kuganiza za khasu langa kumudzi.

Mlongo wanga anakweza chibakera, n'kukuwa ndi mkwiyo weniweni, "Lelo nikuphwanya iwe!"

Koma pakamwa pake panali patazolowera. Mawuwo anatuluka ndi chuni chake, besi yonse, mpaka kukoka kwa kumapeto kuja.

Kwathu munthu akayambitsa nyimbo sasiyidwa yekha. Kaya ndi pamaliro, kaya kumunda, anthu amavomera asanaganize n'komwe. Sukulu yonse inangoti pamodzi, "Yamba wankhala pansi, tate, yamba wankhala pansi!" Amayi a zitumbuwa anawonjezera m'manja. Ochemerera timu ya kumsika sankaidziwa nyimboyo, koma pobwereza kachiwiri anali ataigwira kale, ndipo poti m'manja mwawo munali miyala anaitaya kuti awombe bwino. Mayi wina anayamba nthungululu. Aphunzitsi a Chingelezi anathamangira kutsogolo n'kuyamba kutsogolera ndi manja onse awiri, nkhope ikuwala.

Mlongo wanga anaima pakati pa bwalo, chibakera chili m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku ngati mbuzi yolowa m'tchalitchi. Kenako anasiya malaya aja n'kukhala pansi. Wandevu uja anasokonezeka, mwina anayesa ndi lamulo latsopano la bola, nayenso anakhala. Oimbira mpira anaseka mpaka wezulo inagwa pakamwa. Ahedi anabwerera pa mpando wawo.

Tinagonja tsiku limenelo, ndipo sindikumbuka kuti ndi zigoli zingati. Pobwerera ku kanyumba kathu ndinkamuseka njira yonse, poti mantha anali atatha ndipo lilime langa linamasuka.

"Mwaona ka, opera yakupulumutsani," ndinatero. "Mukawapatse nkhuku ba ticha."

Anapitiriza kuyenda, nsapato za bola zili pakhosi, magazi atauma pa bondo.

"Sininankhale chifukwa cha nyimbo," anatero. "Nyimbo inangonichedwesa."

"Nanga chani?"

"Ninayangana kumbuyo kwa golo. Pa anthu onse aja, iwe weka siunali kuimba."