Mlamba Waukazi wa Tionge

Ku Zingalume, m'boma la Chadiza, aliyense ankadziwa kuti dziwe la nsomba la kudimba linali la Tionge, ngakhale kuti m'buku la alangizi munalembedwa dzina la mwamuna wake, Manase. Amene anakumba ndi Tionge, mwana wawo Monika ali kumsana. Manase ankangoima pamtunda n'kumaloza ndi ndodo poti pakumbidwe. Kuloza ankakutha bamboyu, tisamunamizire.

Chilala cha 1992 chitaumitsa dambo, Tionge anafukula milamba isanu ndi iwiri m'matope otsala, n'kuisenza mu ndowa mpaka kudziwe lake la pakasupe. Kusiyanitsa milamba anaphunzira kwa malemu bambo ake. Umaugadamitsa n'kuyang'ana kumunsi kwa mimba, cha kumchira. Waumuna umakhala ndi kansonga. Waukazi ulibe, ndipo mvula ikayandikira mimba yake imafufuma n'kufewa. Anagadamitsa umodziumodzi, minga ikumubaya m'manja. Isanu ndi umodzi inali yaimuna. Waukazi unali umodzi basi.

Zaka ziwiri anaudyetsa gaga ndi chiswe, akulimbana ndi ng'azi. Ankafuna mbewu yodzaza dziwe, kuti ana ake asadzaonenso njala ya ndiwo. Tionge anamuuza Manase, osati kamodzi: "Abambo a Monika, waukulu woduka ndevu imodzi uja musadzaukhudze. Mbewu yathu ndi yomweyo." Iye ankangoti "Ndamva," wailesi ili kukhutu.

Mu Novembala 1994 mimba ija inafufuma. Tionge analekerera udzu m'mbali mwa dziwe, poti milamba imaikira mazira muudzu madzi akakwera. Anatumiza uthenga ku Boma kwa alangizi a za nsomba, a Agostino, kuti adzauone. Iwo anati afika Lachisanu. Lachinayi Tionge anapita kuchigayo kukatenga gaga, ndipo tsiku lomwelo njinga yamoto ya alangizi inatulukira pakhomo.

Nkhuku zonse zinali zitatha ndi chitopa. Mlendo wa ku Boma adye chigwada? Manase manyazi anamugwira. Munthu amene chikumbireni dziwelo anali asanapondemo, tsiku limenelo anapinda buluku n'kulowamo ndi ukonde. Ndipo poti mlendo sapatsidwa chonyozeka, anasankha waukulu kuposa yonse. Mlongo wake Jenipher poutumbula anapeza mazira tho, nasangalala, n'kuwakazinga padera.

Tionge anafika thumba la gaga lili pamutu, alangizi akusamba m'manja pansi pa mtengo wa mango.

"Amayi, mwatisamala!" anatero a Agostino. "Nsomba ya mazira chonchi sindinadyepo. Tsopano tiyeni mukandionetse waukazi uja."

Tionge anayang'ana m'mbale. Munatsala mutu, wa ndevu imodzi yoduka. Mtima unamutentha. Anatula thumba, natola mbaleyo n'kuiika pamapazi pa alangizi.

"Ndi umenewu, bwana. Mbali inayo mwanyamula m'mimba."

A Agostino anayang'ana mutu uja, madzi akudontha m'zala.

"Amake Monika, mlendo ndi mame," anayamba Manase. "Ndiponso nsomba zatsalamo zambiri..."

"Zambiri zake ziti? Inu, zaka ziwiri ndakhala ndikuuza mtengo kodi? Nyamukani!"

Tionge anamukoka Manase mkono pamaso pa mlendo ndi mlongo wake, chinthu chimene akazi a pamudzipo anachikamba mpaka nthawi yokolola. Kudziwe anamulowetsanso m'madzi.

"Gadamitsani. Mukuona chiyani?"

"Kansonga."

"Winawo."

"Kansonga."

Kasanu ndi kamodzi Manase anayankha mawu omwewo.

"Ndiye muikire ndinu mazirawo," anatero Tionge. "Dziwe si ndi lanu? Si mwalembedwa m'buku?"

A Agostino analonjeza kufunafuna waukazi wina, koma madambo a ku Chadiza anali asanabwererenso mwakale, ndipo njinga yamoto ija sinamvekenso.

Mvula inagwa Lamlungu. Madzi anakwera n'kumiza udzu uja monga momwe Tionge anakonzera. M'mawa mwake anapita kudimba n'kupeza milamba isanu ndi umodzi ili khathikhathi muudzumo, ikuzungulira, ikufunafuna. Anaiyang'ana nthawi yaitali, misozi yaukali ikutsika. Kenaka anabwerera kunyumba, nasenza thumba la gaga lija, n'kukakhuthulira mbuzi.