Mendulo imene inagwira ncheni

Nthawi ya nkhondo tinathawira kutsidya, ku Malawi. Mtsogoleri wa kumeneko anali ndi mamendulo, mayi wanga ine! Pachithunzi chake chamusitolo, chifuwa chonse chinali ngwee ngati denga lamalata. Akalandira ina kunja, ife amayi ankatitenga pa lole kukavina, ngakhale tinali alendo. Ukanena kuti mwendo ukupweteka, anyamata achipani ankabwera kudzauona mwendowo.

Tsiku lina atatha magule anatigawira timamendulo tachitsulo tokhala ndi nkhope yake. Mayi wina anagwetsa kake m'fumbi, ndipo anam'menya ife tikuona. Kanga ndinakakulunga m'kansalu, n'kukabisa pansi pa dengu la zovala.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu ku Chiwanga, kamendulo kali m'dengu momwemo. Mwini nkhopeyo anachoka pampando, pambuyo pake n'kumwalira, koma ine mantha osatha. Ndinkaopa kukataya, ndinkaopanso kukayang'ana. Marinyero, asilikali apanyanja aja, akamadutsa kuchokera ku Metangula, mtima unkangoti phaa, ngati abwera kudzafunsa za iko.

Tsono amuna anga ndi munthu wosamva. Chaka china nsomba zinavuta, ana n'kumadya chinangwa chopanda ndiwo. M'mawa wina ndinawapeza pakhonde akuboola kamendulo kaja ndi msomali, pamphumi penipeni.

"Inu bambo, mwapenga? Mutiphetsa!" ndinakuwa.

Iwo osatekeseka. "Amayi, ncheni imakonda chonyezimira. Akuluwa anazolowera kutsatiridwa, lero awatsatire ncheni."

Anamangirira mbedza, n'kukankha bwato. Ine ndinakhala pamchenga thukuta lili kamukamu, maso kumsewu, kudikira lole imene inali isanabwerepo kwathu kuno n'kamodzi komwe.

Dzuwa lili pamutu anabwera akuimba nyimbo yathu yovinira ija, mawu onse atawapotoza. M'bwato munali ncheni zonenepa, zina zikuphiriphithabe. Nkhope ija inali itakalikakalika ndi mano a nsomba, mphuno kulibe.

Ndinayamba kuseka, mpaka misozi, mpaka kukhala pansi. Anzanga oyanika usipa anathamanga poganiza kuti kwagwa zovuta. Madzulo ake ndinawotcha ncheni yaikulu, ana akunyambita zala. Ndinatenga kamendulo m'manja, n'kukauza kuti, "Bwana, ndinakuvinirani zaka zonse zija ndi njala. Lero ndiye mwatidyetsa."